Ndidali wapampando, ndipo ndidakhala chete

Ndiloleni ndifotokoze nkhani imene yakhala ikundisowetsa tulo kuyambira chaka chatha. Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera ya kumudzi, ndipo ndimaphunzitsa Chichewa ndi Bible Knowledge. Sinditchula dzina la sukulu kapena la munthu aliyense, chifukwa onse amene ali m'nkhaniyi ndi amoyo ndipo timakumana tsiku lililonse la msika.

Gulu lathu lokambirana za Baibulo lidabadwa ndi mkangano wa nkhumba. Tsiku lina masana mvula idatitsekera mu ofesi ya aphunzitsi, ndipo mnzathu wina adatulutsa kanyenya wa nkhumba amene adagula pachiwaya. Mphunzitsi wa masamu, yemwe ndi wa Seventh-day Adventist, adasuntha mpando wake n'kutchula Levitiko 11. Mwini nyama adabweza ndi masomphenya a Petro a pa Machitidwe 10. Wa masamu adati masomphenyawo ankanena za anthu, osati za ndiwo. Pamene belu linkalira, mawu adali atakwera mpaka ana a Fomu 1 ankasuzumira pawindo. A hedi adatiuza kuti ngati tikufuna kukangana za Mulungu, tizikakanganira m'kalasi ana akaweruka, osati pakati pa makope oti tichonge.

Choncho tidayamba kukumana Lachinayi lililonse, 3 koloko masana, m'kalasi ya Fomu 2. Poyamba tidali aphunzitsi asanu. Mbiri itamveka kudabwera akatekisiti a Katolika, mkulu wa mpingo wa CCAP, mlangizi wa zaumoyo, mnyamata wina wometa tsitsi pamsika yemwe amatsogolera mapemphero a felosipu, ndi amayi angapo a m'midzi yozungulira. Alonda a pasukulu, madala aakulu ndithu, ankakhala pakhomo ngati akuyang'anira njinga zathu, koma khutu lili mkati. Adandisankha ine kukhala wapampando, ati chifukwa ndine wa Bible Knowledge. Ine ndimaganiza kuti chifukwa chenicheni n'chakuti ndilibe mawu aakulu, ndipo aliyense adaona kuti sindingamuphimbe.

Ndidaika malamulo ochepa. Wogwira dasitala ndiye wolankhula, ndipo alankhule mphindi zitatu basi. Palibe kutchula mpingo wa mnzako monyoza. Ukatchula vesi, tiwerenga ndime yonse, kuyambira pamene nkhaniyo yayambira mpaka pamene yathera. Lamulo lomaliza lidali londimanga ine ndekha: wapampando saonetsa mbali. Ntchito yake n'kuyang'ana wotchi, kupereka dasitala ndi kuziziritsa mitima.

Lamulo lowerenga ndime yonse ndimalinyadirabe mpaka lero. Ambiri a ife tidakula tikuloweza mavesi ku Sande sukulu, ndiye timatenga vesi ngati njerwa yoti uizule pakhoma n'kugendera mnzako. Komatu olemba Baibulo sadalembe manambala amenewa. Machaputala amene tikuwadziwawa akatswiri amati adagawidwa cha m'ma 1200 ndi Stephen Langton, yemwe adali Arkibishopu wa Canterbury, ndipo manambala a mavesi a m'Chipangano Chatsopano adawaika ndi wosindikiza mabuku wina, Robert Estienne, mu 1551. Paulo ankalemba makalata, ndipo palibe munthu wolandira kalata amene amawerenga mzere wa 14 wokha n'kuipinda. Nditanena zimenezi koyamba, mkulu wa mpingo uja adandiyang'ana ngati ndatukwana. Koma pakutha kwa mwezi ndi iwo amene ankayamba kukuwa kuti, "Bwererani pamwamba, achimwene, mwadumpha!"

Mabaibulo athu enieniwo nawo ankatikanganitsa. Patebulo pankakhala Buku Lopatulika la 1922, ntchito imene adatsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed. Malembo Oyera a Akatolika a 1966. Ndi Buku Loyera la 1998, limene Akatolika ndi mipingo ina adamasulira pamodzi. Dzina limodzi lomwelo la Mulungu la m'Chihebri, loyamba lija limati Yehova, lachiwiri Yahve, lachitatu Chauta. Wometa tsitsi adati Chauta ndi wa makolo opempha mvula kukachisi, ndipo alibe malo m'Baibulo. Akatekisiti adamufunsa modekha kuti, "Mwana wanga, nanga dzina loti Mulungu lidabwera pasitima ndi azungu? Si makolo omwewo ankalitchula?" Tidatha masabata awiri pankhaniyi, ine ndikungopereka dasitala, mtima uli mbee. Ngakhale nkhani ya kuchuluka kwa mabuku, kaya ndi 66 kaya 73, tidaidutsa popanda wovulala. Tidagwirizana kuti potsutsana tizigwiritsa ntchito mabuku 66 amene tonse timawavomereza, ndipo akatekisiti adalolera monyinyirika.

Ndidayamba kudzitama. Ndinkauza mayi a kunyumba kuti zimene akulephera akuluakulu a mipingo, ife tazitha ndi dasitala imodzi.

Mwa amayi obwera aja padali mmodzi wogulitsa zitumbuwa pageti la sukulu. Ankalowa ndi beseni lawo, n'kukhala pabenchi la kumbuyo, ndipo kwa miyezi yambiri sadalankhulepo. Tonse tinkadziwa kuti mwana wawo wamwamuna wa zaka 9 amagwa khunyu, komanso kuti bambo a mwanayo adapita ku Joni osatumiza ngakhale uthenga.

Lachinayi lina la mu Meyi tinkawerenga Malamulo Khumi pa Eksodo 20. Titafika pa vesi 5, pamene pakukamba za chilango chotsata ana ndi zidzukulu chifukwa cha zolakwa za makolo, mayi aja adakweza dzanja. Ndidakondwa, ndipo ndidayenda mpaka kumbuyo kukawapatsa dasitala ndi manja awiri. Adafunsa motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, kodi mwana angamadwale chifukwa cha zimene adachita agogo ake?"

Wometa tsitsi ndiye adayamba kupempha dasitala. Ndinene chilungamo, mnyamatayu si munthu woipa. Ana amasiye amawameta ulere, ndipo pa kuloweza Malemba amandiposa kutalitali. Adatsegula Marko 9, nkhani ya mnyamata amene mzimu woipa unkamugwetsa pamoto ndi m'madzi, n'kuwerenga ndime yonse monga mwa lamulo langa. Adati zizindikiro zake n'zomwezo za khunyu: thovu kukamwa, kukukuta mano, kuuma thupi. Adati Yesu sadapereke mapiritsi. Adati temberero lochokera kumakolo silimva mankhwala, ndipo kumwa mankhwala uku ukupemphera n'chimodzimodzi kuuza Mulungu kuti ukumukayikira. Adamaliza pa mphindi ziwiri ndi theka. Ndikukumbukira bwino chifukwa maso anga adali pawotchi.

Tsiku limenelo mlangizi wa zaumoyo adali ku sikelo ya ana kumudzi wina, ndipo akatekisiti adali kumsonkhano ku parishi. Wa masamu adatenga dasitala, koma adathamangira nkhani ya mafano ya pa vesi 4, poti ndi imene adakonzekera kunyumba, ngakhale amene ankafuna kuwalasa nayo padalibe. Mkulu wa mpingo adamuyankha, ndipo mkangano wonse udasamukira kumeneko. Funso la mayi aja lidatsala ndi yankho limodzi lokha.

Si kuti ndidasowa chonena. Ndinkadziwa Ezekieli 18, pamene mneneriyo akukana mwambi wa mphesa zosapsa umene anthu a nthawi yake ankaukonda, n'kunenetsa kuti munthu aliyense adzayankha za iye mwini, osati za bambo ake. Ndinkadziwa kuti Yeremiya 31 akukananso mwambi womwewo. Ndinkadziwa Yohane 9, pamene ophunzira adafunsa funso ngati lomweli za munthu wobadwa wakhungu, ndipo Yesu adakana kuloza chala munthuyo kapena makolo ake. Ndinkadziwanso Yesaya 38, chaputala chimene ndidachiloweza pokonzekera mayeso anga a MSCE, pamene mneneri yemwe adabweretsa yankho la pemphero la mfumu Hezekiya ndi yemwenso adalamula kuti pachithupsa cha mfumuyo aikepo nkhuyu. Zonsezi zidali palilime. Koma wapampando saonetsa mbali. Ndidadziuza kuti ndikangolankhula, mnyamatayo adzati ndikumupondereza chifukwa felosipu yake ndi yaing'ono, ndipo gulu lidzapasuka. Ndidalemba m'kope langa kuti sabata yamawa tidzawerenge Ezekieli 18. Alonda adalowetsa mutu pakhomo n'kukweza dzanja, ine n'kuwauza kuti, "Nthawi yatha, madala. Sabata yamawa mudzayamba ndinu."

Sabata yamawayo tidali kumaliro. Yotsatirayo kalasi yathu idatsekedwa chifukwa cha mayeso a Fomu 2. Kenako ndidagwidwa malungo.

Mu Juni, kukuzizira, mlangizi wa zaumoyo adandigogodera m'mamawa ndisanasambe n'komwe. Mwana uja adagwa khunyu usiku akuotha moto kukhitchini, ndipo dzanja lamanzere ndi mbali ya chifuwa zidapsa. Adali atasiya mankhwala kwa masabata atatu. Mlangiziyo adandifotokozera kuti mwanayo ankamwa phenobarbitone, mankhwala oyenera kumwa tsiku ndi tsiku, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi kumadzutsa khunyu, nthawi zina loopsa kuposa lakale. Adati bungwe la WHO limanena kuti anthu mpaka 7 mwa 10 alionse odwala khunyu angathe kukhala osagwa akamalandira chithandizo choyenera. Mwanayu adali m'gulu limenelo. Adali atatha pafupifupi chaka osagwa, mpaka mayi ake adayamba kumulola kupita yekha kusukulu.

Loweruka ndidakwera matola kupita kuchipatala cha paboma, nditanyamula shuga ndi sopo. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikanene, koma nditalowa m'wodi onse adabalalika. Mwanayo adali mtulo, dzanja lili m'mabandeji. Mayi ake adadzuka pamphasa imene adayala pansi n'kundilonjera mwaulemu monga masiku onse. Tidakambirana za ulendo, za kuzizira, za amene akuwaonera nkhuku kumudzi. Kenako, akuyang'ana pansi, adati:

"Aphunzitsi, ine sukulu sindidapite nayo patali. Tsiku lija ndinkayang'ana inu. Mumtima ndidati mnyamata uja akadakhala kuti akulakwitsa, aphunzitsi akadamuletsa. Koma inu munkangogwedeza mutu."

Sadanene mokalipa. Ankangondifotokozera mmene zidayendera. Ndipo n'zoona kuti ndinkagwedeza mutu. Ndimagwedezera mutu aliyense wogwira dasitala, posonyeza kuti ndikumumva. Ndidagwedezera mutu wonena kuti Chauta ndi wachikunja, n'kugwedezeranso mutu womutsutsa.

Pobwerera, pagalimoto ija, ndidayamba kuona Lachinayi lathu ndi maso a munthu wa pabenchi la kumbuyo. Kwa ife aphunzitsi ndi akuluakulu a mipingo, msonkhanowo udali ngati bawo: lero wandidya, mawa ndikudya, dzuwa likalowa aliyense kwawo, chikhulupiriro chake chili chonse. Mayi aja sadabwerere masewera. Adabwera ndi funso limene lidawadya zaka zambiri, ndipo adalifunsa kwa ine, ponditchula udindo wanga. Ine ndinkadziyesa wosunga wotchi chabe, kuiwala kuti ndaima kutsogolo kwa kalasi, nditavala tayi, m'mudzi mmene mawu a mphunzitsi amathetsa mkangano wa malire a munda. Munthu wotere akakhala chete, anthu amamva kuti wavomereza.

Lachinayi lotsatira ndidachita chimene ndidali ndisanachitepo: dasitala ndidaigwira ndekha. Ndidafotokoza zimene zidachitika, ndipo ndidati wolakwa woyamba ndine. Tidawerenga Ezekieli 18 yense, mavesi onse 32, kenako chiyambi cha Yohane 9. Ndidaitana alonda kuti alowe akhale pabenchi, anene zimene ankafuna kunena tsiku lija. Madalawo sadziwa kuwerenga. Adati mng'ono wawo ankagwa khunyu kalekale, achibale n'kumayenda naye kwa asing'anga kufuna amene adamulodza, mpaka tsiku lina adagwera mumtsinje akuwedza. Adati atamva mnyamata uja akulankhula, adamva mawu omwe aja a kale, atangovala malaya ena. Zimenezi akadazinena m'mphindi imodzi, ine ndikadapanda kuwauza kuti nthawi yatha.

Akatekisiti adapempha kuwerenga Siraki 38, chaputala cholimbikitsa kulemekeza sing'anga wa mankhwala poti luso lake n'lochokera kwa Mulungu. Bukuli silili m'gulu la 66 aja. Ndidayang'ana wa masamu, ndipo iye adangoti, "Liwerengedwe ngati malangizo a munthu wamkulu." Lidawerengedwa.

Wometa tsitsi adakhala nthawi yaitali osapempha dasitala. Ataitenga adati iye sadauze munthu kuti ataye mankhwala, adangowerenga Mawu. Kenako adandifunsa kuti, "Ndiye aphunzitsi, Marko 9 timung'ambe?"

Funso limeneli silopepuka, ndipo sindidafune kunama kuti n'lopepuka. Pa Mateyu 4:24, pamndandanda wa odwala amene ankabwera nawo kwa Yesu, ogwidwa ndi ziwanda atchulidwa paokha, akhunyu paokha. Mawu a Chigiriki amene ali pamenepo ndi okhudza mwezi, monga mmene kwathu kuno ena amanenera kuti matendawa amakula mwezi ukakhala. Ndikadatha kuimira pomwepo n'kudzitcha wopambana. Koma lamulo langa lomwe lidandigwira, chifukwa pa Mateyu 17 mawu omwewo agwiritsidwa ntchito pa mnyamata amene Yesu adamutulutsa chiwanda. Ndidamuuza zonse ziwiri. Ndidati ndimeyo ikutiuza zimene Yesu adachitira mwana uja, ndipo ine sindikuzikana, koma mulibe mzere wouza mayi wina aliyense kuti aleke kumwetsa mwana wake mankhwala. Ndidawonjeza kuti pa Akolose 4 Paulo akutchulabe Luka kuti sing'anga, ndiponso mwachikondi, Lukayo atayenda kale nthawi yaitali pantchito ya Uthenga Wabwino. Mnyamatayo sadavomereze. Adati ndikuwerenga ndi nzeru za kukoleji, iye akuwerenga ndi Mzimu.

Tsiku lomwelo ndidasintha lamulo langa lomaliza. Pa nkhani za tsiku lopembedza, ubatizo wa makanda, dzina la Mulungu ndi zina zotere, ndimangosungabe wotchi. Koma funso likakhudza matenda a munthu, nkhanza za m'banja kapena chakudya cha ana, sinditseka msonkhano mbali inayo isanamveke, ngakhale zitatanthauza kuti ndiinene ndekha. Ndipo m'kalasi imeneyo palibe wololedwa kulangiza mnzake kusiya mankhwala.

Zandidyera anthu. Wometa tsitsi adasiya kubwera, ndipo awiri adamutsatira. Pamsika akuti aphunzitsi atsegula mpingo wawo. Tsitsi ndimakametetsabe kwa iye, ndipo timakamba za Bullets ndi Wanderers basi. Chimene chidandilasa kwambiri ndi mawu a wa masamu, yemwe ndi mnzanga weniweni. Tikuyenda madzulo ena adati, "Achimwene, mwayamba ndi khunyu, ndipo apo ndili nanu. Koma mawa mwana wa mpingo wathu akadzakana kubwera ku makalasi a Loweruka, simudzati Sabata nalonso likuvulaza anthu? Adzakuimitsani ndani, poti dasitala ili m'manja mwanu?"

Ndidamuyankha kuti adzandiimitse ndi iyeyo, koma ndikudziwa kuti yankho limenelo n'loperewera. Malire amene ndajambula ndi ogwedezeka. Mwezi watha tinkakamba za chakhumi. Onse adatsamira pa Malaki 3:10, ndipo pabenchi la kumbuyo padali gogo wina amene ndikudziwa kuti chimanga chake sichifika Okutobala. Nthawi itatsala pang'ono kutha ndidapempha kuti tiwerengenso Deuteronomo 14, kumapeto kwake, pamene chakhumi cha chaka chachitatu chilichonse chikusungidwira Alevi, alendo, ana amasiye ndi akazi amasiye. Mkulu wa mpingo adanditsatira panja n'kundiuza kuti apa ndiye ndaonetsa mbali poyera, ndipo ndikufooketsa zopereka. Mwina akunena zoona. Usiku umenewo ndidagonanso mochedwa, koma osati ngati mu Juni muja.

Mwana uja adatuluka m'chipatala patatha masabata asanu. Ali ndi chipsera chachikulu, ndipo zala ziwiri sizipindika bwino, koma amalembera dzanja lamanja ndipo wabwerera kusukulu. Mankhwala akumwa, mlangizi wa zaumoyo amaonetsetsa. Mayi ake akugulitsabe zitumbuwa pageti. M'kalasi muja sadalowemonso, ndipo ine sindidawaitanepo, poopa kuti angaone ngati ndikufuna kudzitsuka.

Lachinayi lapitali ndikudutsa pageti ndi mabuku anga, adandiitana.

"Aphunzitsi, lero muwerenga pati?"

Ndidati tayamba buku la Yobu.

"Ndi uja adamwalira ana, anzake n'kumamuuza kuti adachimwa?"

Ndidati eya, yemweyo.

Adavundikira beseni ndi nsalu, n'kuyang'ana chakukalasi. Nthawi yomweyo padafika ana awiri a Fomu 1 ndi ndalama m'manja, ndipo adavundukulanso. Ine ndidapitirira, poti 3 koloko idali itakwana ndipo alonda adali atakhala kale pabenchi, akudikira dasitala.